Agogo akathyoka msana: kuwatsata pa foni popanda kuwavulaza

Amene timagwira ntchito ya mafizo ndi ya mafupa m'zipatala za boma kuno kum'mawa tikudziwa mmene nkhanizi zimathera. Mayi wachikulire wafika pa chipatala cha Machinga ku Liwonde, kapena cha ku Balaka, atagwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Wajambulidwa, ndipo zaoneka kuti fupa limodzi la msana laphwanyika. Mwamuphunzitsa zoyenera kuchita, mwalemba m'buku lake tsiku loti adzabwerenso. Tsikulo likafika, saoneka. Musathamangire kunena kuti ndi mwano. Munthu wochokera ku Chikweo, ku Ngokwe, ku Nayuchi, ku Utale kapena ku Phimbi amayamba ulendo wake pa kabaza, ndipo bampu iliyonse ya mumsewu amaimvera pa fupa lothyokalo. Ndalama ya ulendo ndi ya anthu awiri, chifukwa sangayende wopanda gadiyani. Akayerekeza ululu wa panjira ndi mphindi makumi awiri zimene akakhale ndi inu, amasankha kugona pamphasa pake.

N'chifukwa chake ambiri mwa ife tayamba kutsata odwala otere pa foni. Ena amaimba, ena amatumiza mavidiyo pa WhatsApp. Ine ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndipo ife a kuno sitiyenera kuziona ngati zachilendo. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka konkuno m'chaka cha 2011, pamene bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo linatsegula nambala yaulere yoti amayi oyembekezera ndi olera ana aziimba kufunsa malangizo. Nambala ija ya 54747 inafalikira dziko lonse, kenako boma linaitenga kukhala yake. Anthu athu anazolowera kale kumva mawu a namwino pa foni. Koma msana wothyoka ndi wosiyana ndi funso la kadyedwe ka mwana. Malangizo olakwika, kapena olondola koma omvedwa molakwika, angathyole fupa lachiwiri. Lamulo langa loyamba ndi ili: musayambe mafizo a pa foni ndi munthu amene simunamuone ndi maso, kumugwira ndi manja, komanso amene sanaunikidwe ndi dokotala.

Matenda amene tikunenawa madokotala amawatchula osteoporosis. Fupa limaoneka lathunthu kunja koma m'kati mwake mwatha, ngati nsichi imene yadyedwa ndi chiswe. Amayi ndi amene amavutika kwambiri, makamaka akasiya kusamba, chifukwa mahomoni amene ankateteza mafupa awo amatsika. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limanena kuti pa dziko lonse, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Pa msana sipafunika ngozi ya galimoto. Kunyamula ndowa ya madzi, kuterereka pang'ono kubafa, ngakhale kutsokomola mwamphamvu kumakwanira. Fupa limatsendereka kutsogolo kwake, makamaka pakati pa msana kapena pamene nthiti zimathera. Ambiri sadziwa n'komwe, ndipo pa mafupa atatu a msana othyoka motere, pafupifupi limodzi lokha ndi limene limadziwika kuchipatala. Ena onse timangowaona akufupika ndi kuwerama chaka ndi chaka, ife n'kumati ndi ukalamba.

Ulendo woyamba ndi umene umasenza zonse, choncho musauchite mothamanga ngakhale mzere utalike bwanji. Chinthu choyamba n'kutsimikiza kuti vutolo ndi kufooka kwa mafupa basi. Kuno kwathu fupa la msana likaphwanyika, TB ya msana iyenera kubwera m'maganizo nthawi yomweyo. Khansa ya m'mawere, ya khomo la chiberekero ndi ya prostate nazonso zimafalikira ku msana. Funsani za kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda, ndi ululu umene suleka ngakhale munthu atagona. Ululu wa fupa lofooka nthawi zambiri umachepa munthu akagona ndipo umakula akaimirira kapena akamatembenuka. Ngati pali chokayikitsa, wodwalayo ndi wa clinical officer wa mafupa, ndipo mwina wa ku Zomba Central kapena ku Queens. Munthu wa TB ya msana amene mwamuika pa ndondomeko ya mafizo a pa foni adzakuthokozani sabata iliyonse mpaka tsiku limene miyendo yake idzafe.

Zikatsimikizika, yezani zinthu zimene mudzafanizire nazo m'tsogolo. Yezani kutalika kwake. Muimikeni chotsamira khoma, zidendene ndi msana zitagunda, muone ngati nkhongo ikufika kukhoma, ndipo ngati sikufika, yezani mpatawo. Ngati ululu ukulola, werengani masekondi amene akutenga kudzuka pampando, kuyenda mamita atatu, kubwerera ndi kukhalanso pansi. Akafika masekondi 12 kapena kupitirira, ameneyo ali pa chiopsezo cha kugwa. Lembani zonsezi m'buku lake komanso m'kaundula wanu. Kenako muphunzitseni zochita zitatu zokha, azichite pamaso panu, gadiyani akuonerera. Gadiyaniyo azichitenso yekha. Ngati ali ndi foni yojambula, ajambule agogo akewo akuzichita molondola inu mukuwakonza. Kavidiyo kameneko n'kothandiza kuposa kena kalikonse kamene mungakatenge pa intaneti, chifukwa muli mawu anu, chilankhulo chawo ndi thupi lawo lomwe.

Tsopano funso limene ambiri timalidumpha: foniyo ndi ya ndani? Nambala imene yalembedwa m'buku kawirikawiri ndi ya mwana wawo amene ali ku Blantyre kapena ku Joni, ya mdzukulu amene amakhala kusukulu mpaka masana, kapena ya mnansi amene ali ndi okala pamsika. Funsani mwatchutchutchu. Kodi mwini foniyo amagona nyumba imodzi ndi agogo? Amapezeka nthawi yanji? Amatchaja kuti, ndipo foniyo imakhala kotchajitsako masiku ati? Netiweki imagwira m'nyumba kapena mpaka akwere pachulu? Funso lomalizali si lachabe, chifukwa ngati foni imagwira pachulu pokha ndiye kuti simudzalankhula ndi wodwala wanu, muzidzangomva za iye. Tengani manambala awiri, ina ya Airtel ina ya TNM ngati zingatheke, ndipo yachitatu ikhale ya mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Ku Machinga agogo ambiri amamasuka m'Chiyao. Ngati inu simuchidziwa, pezani mnzanu wa pantchito amene amachilankhula akhale nanu poimba. Mwana wa zaka khumi asakhale womasulira nkhani za mkodzo ndi chimbudzi za agogo ake.

Gwirizanani tsiku ndi nthawi, ndipo woimba mukhale inuyo. Mukanena kuti "mukaona vuto mudzandiflashe", mwatseka nkhani, chifukwa munthu wamkulu sadzafuna kuvutitsa adokotala. Mmene ndimaonera, ndi bwino kuimba koyamba pakatha masiku awiri kapena atatu, kenako kamodzi pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi, kenako kamodzi pa masabata awiri mpaka miyezi itatu ithe. Nthawi imeneyi ikugwirizana ndi mmene fupa limapolera, pakuti ululu waukulu umatsika pakati pa masabata 6 ndi 12. Pewani tsiku la msika wa m'deralo, ndipo kwa Asilamu pewani Lachisanu masana.

Poimba, dziwani kuti moni wathu amabisa matenda. Mukati, "Agogo, mwadzuka bwanji?" adzayankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu adokotala." Mukati, "Msana uli bwanji?" adzati, "Ukuyesera." Mukalemba zimenezo m'kaundula ndiye kuti simunalembe kanthu. Malonje achitike ndithu, ndi ulemu wake, koma akatha funsani za ntchito. "Agogo, lero m'mawa mwadzuka nokha pogona kapena anakudzutsani?" "Kuchimbudzi mwapita nokha?" "Dzulo munayenda kufika pati, pakhomo pokha kapena mpaka kwa a neba?" "Usiku ululu unakudzutsani kangati?" Mafunso omwewo sabata iliyonse, kuti muone ngati zikusintha. Zija zoti munthu atchule nambala ya ululu kuyambira 0 mpaka 10 sizimveka bwino pa foni kwa munthu amene sanazizolowere. Kuti wafika pamjigo kapena sanafike, zimenezo aliyense amayankha molondola.

Pali mafunso anayi amene sayenera kusowa ulendo uliwonse, ngakhale mayunitsi atatsala pang'ono kutha. Kodi miyendo yafooka kapena yachita dzanzi? Kodi pali dzanzi kumalo obisika ndi m'matako? Kodi mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka mwa nthawi zonse, sizikukanika kapena kungotuluka zokha? Kodi pabwera ululu watsopano woopsa pamalo ena a msana? Yankho limodzi lokha loipa pa atatu oyambawo likutanthauza kuti mitsempha yapanikizika, ndipo munthuyo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, atagona, osati atakhala pa kaliyala ya njinga. Imbirani mlangizi wa zaumoyo ndi a in-charge a chipatala chaching'ono chapafupi kuti akonze za ambulansi. Lachinayi likutanthauza kuti mwina fupa lina lathyoka, ndipo mafizo ayambe aima mpaka aunikidwe. Izi zimachitikadi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2001 anapeza kuti pa amayi asanu amene athyoka fupa la msana motere, pafupifupi mmodzi amathyokanso lina chaka chisanathe.

Apa ndipamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ntchito yathu yeniyeni ili. Chimene chimathyola msana wofooka ndi kuwerama mopinda msana, makamaka munthu atanyamula kanthu kapena akupotoka. Mu 1984, Mehrsheed Sinaki ndi mnzake Mikkelsen a ku Mayo Clinic ku America anafalitsa zimene anapeza pa amayi 59 a mafupa ofooka. Mwa amayi 9 amene ankachita masewera opinda msana kutsogolo, 8 anaphwanyikanso mafupa. Mwa amayi 25 amene ankachita masewera owongola msana, amene anaphwanyikanso anali 4. Anthuwo anali ochepa, koma phunziro lake lakhala likutsatidwa mpaka lero, ndipo malangizo a ku Canada otchedwa Too Fit to Fracture ndi a ku Britain otchedwa Strong, Steady and Straight amanena zofanana: limbitsani minofu yowongola msana, phunzitsani munthu kuima mosagwedezeka, ndipo asinthe kaweramidwe. Ndiye taganizani tsiku la mayi wa ku Nsanama kapena ku Ulongwe. Amadzuka pamphasa. Amasesa pabwalo ndi tsache lalifupi, mutu uli pansi. Amasonkha moto pamafuwa. Amatsuka mbale pansi, amachapa pansi, amatola nkhuni, amasenza ndowa, amabereka mdzukulu, amapalira ndi khasu la mpini waufupi. Mukamupatsa masewera a mphindi khumi koma osakhudza zonsezi, maola ena onse a tsikulo akugwetsa zimene mwamanga.

Choncho sabata iliyonse tengani ntchito imodzi ya pakhomo, muikonze pamodzi ndi gadiyani. Yambani ndi kadzukidwe. Agogo apinde maondo ali chagada, atembenukire kumbali thupi lonse nthawi imodzi, mapewa ndi chiuno limodzi, kenako adzikankhe ndi manja. Ngati pali bedi pakhomopo, ngakhale la mwini nyumba, apemphedwe kuti abwereke agogo kwa miyezi iwiri, chifukwa kudzuka pansi n'kovuta komanso koopsa. Tsache alimangirire ku ndodo kuti azisesa ali chilili. Mbale azitsukira pathandala. Mbaula ikwezedwe pa njerwa, kapena iwo akhale pa kampando pophika, mphika uli pafupi. Akafuna kutola kanthu pansi, apinde maondo ndi chiuno, matako apite kumbuyo, msana ukhale wowongoka, dzanja limodzi litagwira khoma kapena bondo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo imeneyo ichoke pamutu pawo mpaka kalekale. Mdzukulu amulere atakhala pansi, wina ndiye amuike pamiyendo pawo. Kuchimbudzi akhomereko mtengo wolimba wogwirira, kapena aike mpando wobowola pakati. Mtondo, nkhwangwa ndi khasu zidikire, ndipo akadzabwerera kumunda, ukhale mpini wautali ndi nthawi yochepa.

Zimenezi pa foni zimatheka bwino kuposa mmene mungaganizire, ndipo pena zimaposa kuchipatala. M'chipinda chathu cha mafizo simudzaona kutalika kwa chiundo cha pakhomo pawo kapena mmene bafa lawo limaterera. Gadiyani wa foni ya WhatsApp angakutumizireni chithunzi cha pogona, cha kukhitchini ndi cha njira yopita kuchimbudzi, inu n'kuona chingwe choyanikira chimene chili m'munsi kwambiri, kapena mwala umene adzapunthwepo usiku. Ngati foni ndi ya mabatani, mlangizi wa zaumoyo akadzadutsa m'mudzimo akhale maso anu. Mupempheni mwaulemu ndipo mumuuze zenizeni zoti akaone, chifukwa anzathuwa ali kale ndi sikelo ya ana, katemera ndi chipatala cha m'mudzi pamutu pawo.

Musauze munthu wamkulu kuti asiye ntchito zonse. Sadzamva, ndipo akamva ndiye zoipa kwambiri. Kugona kwa masiku ochepa ululu ukakhala woopsa n'komveka, koma kugona masabata kumafooketsa mafupa ndi minofu, kumabweretsa zilonda ndi chibayo. Achibale achikondi ndi amene amalakwitsa apa, amati, "Amayi, inu gonani, tichita ndife." Lankhulani nawo. Agogo asankhe nyemba, atongole chimanga atakhala pampando wotsamira, ayende pabwalo kangapo patsiku, sabata ino kufika pankhokwe, sabata yamawa kufika kumsewu. Kuopa kuyenda kumalemaza anthu ambiri amene fupa lawo linapola kalekale.

Nkhani ya mapemphero isakuchititseni manyazi. Ku Machinga ndi mbali zambiri za Balaka muli Asilamu ochuluka, ndipo swala imafuna kuwerama ndi kugunditsa chipumi pansi kasanu patsiku. Wodwala sadzakufunsani, adzangopitiriza akumva ululu, kapena adzasiya n'kumadziimba mlandu mumtima. Yambitsani ndinu. Chiphunzitso cha Chisilamu chimalola wodwala kuswali atakhala, ngakhale atagona ngati sangathe kukhala, koma mawu amenewa amalemera akachokera kwa shehe wawo kusiyana ndi kwa inu. Pemphani gadiyani akafunse kumzikiti. N'chimodzimodzi amayi a mvano ndi a mabungwe ena a mumpingo amene amagwada nthawi yaitali kapena kukhala pansi pa maliro usiku wonse: apite ndithu, koma atenge kampando, ndipo amayi anzawo adziwe chifukwa chake kuti asamawanene kuti ayamba matama.

Masewera enieniwo akhale ochepa ndi osavuta kufotokoza ndi pakamwa. Pa masabata oyamba: kugona chagada maondo atapindidwa n'kumapuma mozama, kukokera mapewa kumbuyo ngati akufuna kuti akumane, ndi kubweza chibwano m'kati ali chilili chotsamira khoma. Ululu ukatsika, onjezani kudzuka pampando ndi kukhalanso pang'onopang'ono, kunyang'ama pa zala za kumapazi atagwira khoma, ndi kuima phazi lina patsogolo pa linzake gadiyani ali pambali. Kugona chafufumimba, pilo ali pamimba, n'kumadzutsa mutu ndi mapewa pang'ono, ndi masewera abwino kwambiri olimbitsa msana, koma amenewa ine sindingawayambitse pa foni. Adikire tsiku limene mudzaonane. Musawonjezere zinthu ziwiri sabata imodzi, chifukwa ululu ukabwera simudzadziwa chimene chaubweretsa. Ndipo chenjezani adzukulu a mafoni apamwamba. Iwo ndi mtima wabwino amatsitsa mavidiyo a "masewera a msana" pa YouTube ndi TikTok, ndipo ambiri mwa iwo ndi ogwira zala za kumapazi, okokera maondo pachifuwa ndi opotokola thupi, zofanana ndi masewera opinda msana aja anathyola amayi a ku Mayo. Auzeninso kuti pasapezeke woponda kapena wotsindika msana wa agogo pofuna kuuwongola.

Pofotokoza ndi mawu okha, lankhulani ndi gadiyani foni ili pa laudi, ndipo iye azikuuzani zimene akuona. "Achemwali, taimani kumbali kwawo. Mutu wawo uli kutsogolo kapena uli pamwamba pa mapewa? Akamadzuka, akugwira mpando ndi manja kapena ayi?" Pomaliza agogo abwereze okha zimene achite sabatayo. Akangoti "ndamva", simunatsimikize kanthu. Mukatha kuimba, ngati pali WhatsApp, tumizani uthenga wa mawu wa mphindi imodzi wobwereza zomwezo. Uthenga wa mawu umadya bandulo yochepa, sufuna kudziwa kuwerenga, ndipo umafika ngakhale netiweki ikudukaduka. Kuimbirana pa vidiyo n'kwabwino pamene kukutheka, koma musamange ndondomeko yonse pa iko, makamaka nthawi ya dzinja pamene magetsi ndi netiweki zimavuta. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Freddy anadulira misewu ndi mauthenga mu Malichi 2023.

Za mankhwala, dziwani malire anu. Wa mafizo salemba mankhwala pa foni. Koma funsani zimene akumwa, chifukwa mudzapeza kuti kuwonjezera pa panado wa kuchipatala akugula bufeni ndi indosidi pa okala, n'kumamwa zonse pamodzi m'mimba mulibe kanthu. Kwa munthu wokalamba zimenezi zimabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Funsaninso za prednisolone, amene ena a mphumu ndi a nyamakazi amamwa miyezi yambiri, chifukwa ameneyu amadya mafupa kwambiri. Asasiye mwadzidzidzi, akaonane ndi dokotala. Ambiri mwa odwala athu ali pa ma ARV, ndipo mankhwala a TLD amene dziko lino linayamba kupereka mu 2019 ali ndi tenofovir, amene amachepetsako mphamvu ya mafupa. Apa samalani kwambiri lilime lanu. Mukangonena mosasamala kuti "mankhwala anuwa ndi amene akufooketsa mafupa", munthu asiya kumwa, ndipo mwapha munthu pofuna kupulumutsa msana. Chimene muyenera kuchita n'kulembera a ku kiliniki ya ma ARV kuti wodwala wawo wathyoka msana popanda ngozi, iwo aone chochita. Alipo mankhwala olimbitsa mafupa, monga alendronate amene amamwedwa kamodzi pa sabata, m'mawa asanadye, ndi madzi odzaza kapu, munthu osagona kwa mphindi 30. Si mankhwala opezeka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, koma wodwala ali ndi ufulu wodziwa kuti alipo, ndipo dokotala ayenera kufunsidwa.

Kadyedwe sikafuna kulalikira kwambiri. Matemba a ku Chilwa, usipa ndi bonya zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi calcium wambiri. Bonongwe, chisoso, masamba a cham'mwamba, chitowe, soya ndi malambe amene ali mbwee ku Balaka nazonso zimathandiza. Vuto ndi loti m'mabanja ambiri agogo ndi amene amasiyira ana ndiwo. Uzani gadiyani kuti mbale ya agogo ikhale yawoyawo. Aothereko dzuwa tsiku lililonse, ndipo fodya ndi kachasu zichepe kapena zithe.

Tsopano za ife eni ake ndi malo athu a ntchito. Kuimba foni kumeneku ndi ntchito ya chipatala, ndipo kuyenera kuoneka ngati ntchito. Ambiri timaimba ndi mayunitsi athu, pa nambala yathu, madzulo titaweruka, popanda cholembedwa chilichonse. Mtima wake ndi wabwino, koma mapeto ake ndi awiri: mudzatopa n'kusiya, kapena tsiku lina zinthu zidzalakwika ndipo simudzakhala ndi umboni wa zimene munalangiza. Pitani kwa mkulu wa dipatimenti yanu ndi pempho lolembedwa. Pemphani foni imodzi ya dipatimenti, mayunitsi a pamwezi, ndi masana amodzi pa sabata oti muziimba muli pa desiki, kaundula ali patsogolo. Polemba pempholo musadalire mawu okoma. Werengani m'kaundula wanu odwala amene munawapatsa tsiku lobwerera pa miyezi itatu yapitayi ndi amene anabweradi, chiwerengero chimenecho chidzakulankhulirani. Ulendo uliwonse lembani tsiku, amene mwalankhula naye, mayankho a mafunso anayi aja, ndi zimene mwasintha. Mukaimba osayankhidwa, lembaninso. Kawiri motsatizana osayankhidwa, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo. Mukapita kutchuthi kapena kumaphunziro, siyirani mnzanu kaundulayo ndi foni, ndipo odwala adziwe dzina la amene adzawaimbire.

Chinsinsi cha wodwala sichithera pa geti ya chipatala. Musanalankhule za matenda, tsimikizani amene wayankha foniyo ndipo funsani amene ali pafupi. Za ma ARV musazitchule foni ili pa laudi pokhapokha wodwalayo atakuuzani kale kuti gadiyani wake akudziwa. Chithunzi kapena vidiyo ya agogo atavula bulauzi si yoti iponyedwe pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito kuti anzanu aone. Ngati mukufuna maganizo a mnzanu wodziwa zambiri, pemphani kaye chilolezo kwa mwini wake, tumizani kwa munthu mmodzi, nkhope isaoneke, ndipo mukatha fufutani. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, ndipo a Medical Council of Malawi sadzasiyanitsa zimene munachita m'chipinda ndi zimene munachita pa foni. Chilolezo chimenechi chitengedwe pa ulendo woyamba uja, chilembedwe m'buku.

Pakatha miyezi itatu muonanenso maso ndi maso. Ngati iwo sangafike ku Liwonde kapena ku Balaka, konzani kuti tsikulo ligwirizane ndi ulendo wa achipatala wopita ku Ntaja, ku Kalembo kapena ku Phalula, akumane nanu kumeneko. Yezaninso kutalika, mpata wa nkhongo ndi khoma, ndi masekondi aja. Munthu amene wafupika ndi masentimita awiri kapena kuposerapo kuchokera pamene munamuyeza ayenera kujambulidwanso, ngakhale akunena kuti ali bwino. Amene akuchira, ndi tsiku limenelo loti mumuphunzitse masewera ovutirapo, ndi kumuuza kuti kulimbitsa msana ndi kwa moyo wake wonse.

Ndikudziwa kuti a mafizo ndife ochepa. Maphunziro a digiri ya ntchitoyi anayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene lero ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 ku Machinga ndi oposa 400,000 ku Balaka. Sitingafike khomo lililonse. Koma kaundula wa odwala msana amene sanabwerenso ali kale pa desiki panu, ndi manambala awo. Sabata ino sankhani asanu opitirira zaka 50 amene munawaona ndi maso anu, pemphani ola limodzi kwa akuluakulu anu, muwaimbire, ndipo muyambe ndi mafunso anayi aja a miyendo, dzanzi, mkodzo ndi ululu watsopano.